Mbava, mapaundi 40 ndi chitoliro cha kobiri: mmene kwela anafikira kwathu

Sabata ino ndakatulo zipume kaye. Ndabwera ndi mbiri ya filimu ina yoseketsa imene ambiri a inu simunaionepo, koma zidzukulu za nyimbo zake munazimva pa wailesi, mwina osadziwa kumene zinachokera.

Tiyambe ndi liwu limene mumalimva tsiku ndi tsiku. Mukaima pa mphambano ya Bembeke, paja amayi amayala kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, kondakitala wa minibasi sakupatsani mpata woganiza: "Kwerani, kwerani, malo alipo!" Azulu nawonso liwu limeneli ali nalo. Iwo amati khwela, ndipo tanthauzo lake n'lomwelo. Ndi liwu limeneli limene linasanduka dzina la nyimbo zimene zinabadwira m'misewu ya ku Joni, n'kudutsa ku Salisbury, n'kudzapeza mudzi ku Chileka: nyimbo za kwela. Mukamawerenga musunge funso limodzi m'mutu. Nyimbo ikayenda mtunda wautali chonchi, n'kukapanga ndalama kutaliko, ndalamazo zimalowa m'thumba mwa yani?

Ulendo wathu ukuyambira ku Joni m'chaka cha 1951. Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg kuli lokeshoni yotchedwa Alexandra. Inakhazikitsidwa mu 1912, ndipo inali imodzi mwa malo ochepa kwambiri kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula puloti n'kukhala yakeyake. Anthu anadzazana kumeneko mpaka pabwalo limodzi pamakhala mabanja ambirimbiri. Magetsi kunalibe, n'chifukwa chake ankaitchula kuti Dark City. Ngakhale Nelson Mandela, atangofika kumene ku Joni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, anachita lendi kachipinda komweko.

Ku Alexandra kumeneku kunabwera mzungu wina wochokera ku Britain, dzina lake Donald Swanson, ndi kamera yake. Sanali mlendo pa ntchitoyi. Mu 1949 anali atatsogolera kale filimu ya African Jim, imene ena amaitchula Jim Comes to Jo'burg, yonena za mnyamata wakumudzi wopita kutauni kukasaka ntchito. Filimu imeneyo ndi imene inatchukitsa mtsikana woyimba Dolly Rathebe. Ulendo uno Swanson anafuna kujambula nthabwala, ndipo anatenga anthu a m'lokeshoni momwemo, ambiri a iwo osaphunzira zisudzo n'komwe, kuti asewere. Filimuyo anaitcha The Magic Garden, ngati kunena kuti dimba lamatsenga.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo mukaimva muona kuti ikufanana ndi nthano za Kalulu zimene agogo ankatisimbira. Mkulu wina wokalamba wapereka ku tchalitchi ndalama zonse zimene anasunga moyo wake wonse, mapaundi 40. Mbava ina, imene anaisewera ndi Tommy Ramokgopa, yaziona, yatsomphola, liwiro. Anthu aithamangira. Poona kuti zavuta, mbava ija yabisa ndalamazo m'dimba, pansi pa dzungu, kuti idzazitenge zinthu zikazizira. Koma mwini dimba ndi mayi wamasiye amene ana ake akugona ndi njala. Pothyola dzungu lake wapeza ndalama, ndipo kwa iye ili ndi yankho la pemphero basi. Wapita nazo kugolosale. Mbava ija yazilondola, yazibanso, yathamangitsidwanso, yabisanso. Aliyense amene akuzitola ndi munthu amene ali pa vuto lenileni, mmodzi mwa iwo ndi mnyamata amene ukwati wake ndi chibwenzi chake, Dolly Rathebe uja, watsekeka chifukwa cha ndalama. Pomaliza ndalama zija zabwerera ku tchalitchi kumene zinachokera, mavuto a anthu atha, ndipo amene watuluka chimanjamanja ndi mbava yokha, imene yakhetsa thukuta kuposa wina aliyense.

Mafilimu a paulendo amene tinazolowera amakhala a anthu awiri kapena atatu amene akwera galimoto n'kumakumana ndi zodabwitsa m'njira. Muno wapaulendo ndi ndalama. Kamera ikungoitsatira wapansi, kuchokera kutchalitchi kupita kudimba, kugolosale, m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo khamu la anthu lili pambuyo pa mbava, fumbi koboo. Mukaseka n'kutopa mumazindikira kuti mwayendera lokeshoni yonse.

Pali zimene filimuyi inabisa, ndipo tisazilambalale. Chipani cha National Party chinali chitatenga boma mu 1948 n'kuyamba kumanga tsankho la apartheid ndi malamulo. Mu 1950 munabwera lamulo logawa anthu m'magulu potengera khungu, ndi linanso logawa malo okhala. Munthu wakuda ankanjatidwa chifukwa chongosowa chiphaso m'thumba. Zonsezi m'filimu ya Swanson mulibe. Umphawi ulimo, koma ndi umphawi wotha ndi mwayi wa pansi pa dzungu. Anthu ophunzira za mafilimu akhala akuidzudzula pa chifukwa chimenechi, ndipo sakunama. Komabe kunja inakondedwa, mpaka ku Britain inalowa m'gulu la mafilimu opikisana pa mphoto za British Academy. Ku America anaisintha dzina n'kuitcha Pennywhistle Blues. Dzina latsopanoli likukuuzani chimene anthu ankatuluka nacho m'holo: kulira kwa chitoliro.

Mwini chitolirocho anali mnyamata wa ku Alexandra komweko, Willard Cele. M'filimumo amaoneka akuyimba m'misewu, ndipo kulira kwa chitoliro chake ndi kumene kumaperekeza mbava ija pa liwiro lake. Chida chake chinali kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi, kotchipa kwambiri mwakuti Angerezi anakapatsa dzina lotanthauza kuti wezulo wa kobiri imodzi. Ana a m'malokeshoni anali atayamba kale kukayimba m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, potsanzira magulu a asilikali a ku Scotland amene ankaguba ndi zitoliro ndi ng'oma. Ambiri mwa anawa anali ochokera kumidzi, kumene mbusa wa ng'ombe amadzisemera chitoliro cha bango, monga mmene abusa akwathu kuno ankachitira m'madambo. Cele anatenga kachitoliro ka ana kaja n'kukaliza mmene oyimba jazi a ku America ankalizira zida zawo zodula. Chaka chomwecho cha 1951 kampani ya Gallo inamujambula nyimbo ziwiri pa mbale ya galamafoni, Penny Whistle Blues ndi Penny Whistle Boogie.

Zitatero anyamata a ku Joni anapenga nacho chitoliro. Aliyense ankafuna kukhala Cele. Timagulu tinabuka pa ngodya iliyonse ya msewu: zitoliro ziwiri kapena zitatu, gitala mmodzi, ndi besi wa chingwe chimodzi wopangidwa ndi bokosi lonyamulira tiyi, ndodo ndi chingwe. Ankapita mpaka m'tauni ya azungu kukayimba kuti awaponyere makobiri, maso ali tcheru kuopa apolisi. Anapezanso kalizidwe kawokawo. M'malo moika chitoliro pa milomo molunjika, ankachilowetsa m'kamwa mopendeketsa, chakutsaya, kuti mawu azituluka okulirapo ndiponso kuti azitha kuwapinda ngati munthu akuyimba ndi pakhosi.

Mu 1954 kampani ya Trutone inajambula mnyamata wina amene anaphunzira chitoliro cha bango akuweta ng'ombe, Spokes Mashiyane, ndipo nyimbo yake ya Ace Blues inagulidwa ngati mchere. Apa eni makampani anadzidzimuka kuti kachidole ka ana kaja ndi mgodi. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere: woyimba wakuda akalowa mu situdiyo ankapatsidwa kangachepe tsiku lomwelo, n'kutsanzikana. Mbale igulidwe 100 kapena 100,000, iye zake zatha. Mashiyane anadzayamba kulandira gawo pa mbale iliyonse yogulidwa atasamukira ku Gallo mu 1958, ndipo amakumbukiridwa ngati woyimba wakuda woyamba ku South Africa kupatsidwa mgwirizano wotero. Taganizirani, pofika chaka chimenecho makampani anali atagulitsa mbale za anthu akuda kwa zaka zambirimbiri.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha nyimbo ya Tom Hark. Anaijambula ndi anyamata a ku Alexandra, gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, mmene munali Elias Lerole ndi m'bale wake Jack Lerole. Mbaleyo imayamba ndi kasewero: anyamata akutchova juga pamsewu, kenako wina akuchenjeza anzake kuti galimoto ya apolisi ikubwera. Galimoto imeneyo anthu ankaitcha khwela-khwela, chifukwa apolisi akakugwira ankakukalipira kuti ukwere. Mu 1958 nyimboyi inaikidwa ngati nyimbo yotsegulira sewero la pa TV ku Britain lotchedwa The Killing Stones, ndipo inakwera mpaka pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dzikolo. Ambiri amati apa m'pamene dzina loti kwela linakhazikika. Koma pa mbalepo, pamalo olemba wopeka nyimbo, panalembedwa dzina la Rupert Bopape, mkulu amene ankayang'anira zojambula ku kampaniyo. Mu 1980 gulu la ku England la The Piranhas linaiyimbanso n'kugulitsanso kwambiri, ndipo mpaka lero ochemerera mpira ku England amaiyimba m'mabwalo. Anyamata amene anauzira mpweya wawo m'zitoliro zija sanalemere nayo.

Liwu lija loti kwera lili ndi mbiri inanso ku Alexandra, imene filimu ya Swanson sikanatha kuionetsa. Mu January 1957 kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo wopita m'tauni ndi kobiri imodzi, kuchoka pa makobiri 4 kufika pa 5. Anthu anakana. Mfuu yawo inali yoti Azikwelwa, kutanthauza kuti sakweredwa mabasiwo. Kwa miyezi pafupifupi itatu anthu zikwizikwi ankayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito m'mawa, n'kubwereranso madzulo, mpaka mtengo wakale unabwezeretsedwa. Ndiye mukamamva kwela, muzikumbukira kuti lokeshoni yomweyo imene inaseketsa dziko ndi chitoliro cha kobiri inagwedezanso boma chifukwa cha kobiri.

Tsono nyimbozi zinafika bwanji kuno? Zinabwera ndi anthu, abale anga. Zaka zimenezo Nyasaland inali nkhokwe ya antchito a maiko a kumwera. Wenela inkalemba amuna opita ku migodi ya golide ku Joni. Mthandizi inkalemba opita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena ankakwera malole a Ulere, ena ankangodula wapansi kudzera ku Tete. Kuyambira 1953 mpaka 1963 tinali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Salisbury, imene lero ndi Harare, inadzaza ndi anthu akwathu. Dedza ndi Ntcheu anapereka ana awo ambiri pa maulendo amenewa. Funsani m'midzi ya kwa Kamenyagwaza, mupeza kuti mabanja ambiri ali ndi wina amene anapita: wina anabwerako ndi njinga, jekete ndi galamafoni yopukusa, wina anasanduka mtchona osabweranso. M'masutikesi a obwerawo munkakhala mbale, zokutidwa bwinobwino m'malaya kuti zisasweke.

Njira ina inali ya mumlengalenga. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsa mawu ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira anthu akuda a maiko atatu onsewa, m'Chinyanja momwe. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, ndipo kanafika m'nyumba za aphunzitsi, akalaliki ndi eni magolosale. Pakhomo pamene pali wailesi kapena galamafoni, ana a m'mudzi ankaunjikana, ndipo mawa lake mupeza wina wasema kale banjo ya chitini cha mafuta.

Kwa ife a ku mapiri a Dedza kuno, aka sikanali koyamba kuti nyimbo za kumwera zitipeze. Angoni a kwa Maseko anachoka kumwera komweko m'zaka za m'ma 1800, n'kudzakhazikika ku Domwe, kutsidya kwa malire kuno, asanafalikire ku Ntcheu ndi Dedza. Chilankhulo chawo chinasungunuka m'Chichewa, koma m'nyimbo za ngoma mawu ake akadalimo, ngakhale ovina ambiri sangawamasulire onse. Choncho mawu a Chizulu otuluka m'galamafoni sanali achilendo kwenikweni m'makutu mwa agogo athu. Msewu wakenso sunafe. Mabasi a ku Joni akudutsabe pa chipata cha Dedza, kamtunda pang'ono kuchokera pa Bembeke, kulowera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge.

Amene anagwira kwela ndi manja awiri n'kumusandutsa wathu ndi ana a banja la a Kachamba, a m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Daniel Kachamba anabadwa mu 1947. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja lawo linkakhala ku Salisbury, ndipo kumeneko ndi kumene iye ndi mng'ono wake Donald anakumana ndi nyimbo za ku Joni zili pa moto. Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Daniel anali pa gitala, Donald pa chitoliro, anzawo pa babatoni ndi maseche, akuyimba m'misewu ya Blantyre ndi m'maphwando. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba, Donald akadali kamnyamata. Anawajambula mawu ndi filimu yomwe, ndipo pambuyo pake analemba buku lonena za gulu lawo. Mu 1972 ulendo wa ku Ulaya unatseguka.

Chochititsa chidwi n'chakuti pa nthawi imeneyo ku Joni kwenikweniko kwela anali atazilala. Spokes Mashiyane ndi anzake anali atasiya chitoliro n'kutenga saxophone, ndipo mbaqanga ndi simanjemanje ndi zimene zinali m'fasho. Mbewu inasungika kuno. A Kachamba sanangotsanzira. Anaika mawu a Chichewa, nkhani za kwathu za maukwati, imfa ndi ulendo, n'kusakaniza ndi magule ena monga sinjonjo. Daniel anafika poliza gitala mmodzi ngati gulu lathunthu, chala chachikulu chikugwira besi, zinazo zikuyimba nyimbo, ndipo Amalawi ankamutchula kuti Dr Daniel Kachamba. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anayenda maiko ambiri ndi gulu lake, Kubik ali momwemo ngati woyimba mnzake, ndipo mu 1999 anakaphunzitsa nyimbo zimenezi ku yunivesite ya UCLA ku America. Anamwalira mu 2001. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: chitoliro chimene chinaperekeza mbava ku Alexandra chinakalowa m'kalasi ku Los Angeles chitagwidwa ndi mwana wa ku Chileka.

Tsopano tiwoloke nyanja pang'ono, chifukwa ku America kuli filimu ina yoseketsa ya paulendo imene inachita zofanana, ndipo mathero ake atithandiza kuyankha funso lathu lija. Mu 2000 abale awiri, Joel ndi Ethan Coen, anatulutsa O Brother, Where Art Thou? Nkhani yake ikuchitika ku Mississippi mu 1937. Akaidi atatu, amene anawasewera ndi George Clooney, John Turturro ndi Tim Blake Nelson, athawa ali omangidwa unyolo umodzi, ati kukasaka chuma chobisika. M'njira atola mnyamata woliza gitala amene akuti anagulitsa mzimu wake kwa Satana pa mphambano. Pofuna ndalama ya kamba, alowa m'kanyumba ka wailesi, ayimba nyimbo imodzi yachikale, mwini wake wakhungu awalipira madola 10 aliyense, iwo n'kumapita akusangalala kuti amupusitsa. Sakudziwa kuti nyimbo ija yatchuka dera lonse ndipo anthu akuilimbirana m'masitolo. Anyamata a Tom Hark akanaonera chigawo chimenechi, kaya akanaseka kaya akanalira.

Nyimbo za m'filimuyi anazisonkhanitsa ndi T Bone Burnett, ndipo zinali zachikale zokhazokha: za kumidzi, za m'tchalitchi, za m'minda ya thonje, za banjo ndi gitala, zimene mawailesi akuluakulu a ku America anali atazitaya. Chimbale chake chinagulidwa mamiliyoni, ndipo mu February 2002 chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana zonse m'chakacho. Nyimbo yotsegulira filimuyi, Po' Lazarus, sinajambulidwe mu situdiyo. Anaijambula mu 1959 ndi wofufuza nyimbo za makolo Alan Lomax, ku ndende ya boma ya Mississippi, akaidi enieni akudula mitengo ndi nkhwangwa. Wotsogolera nyimboyo anali mkaidi wotchedwa James Carter, ndipo Lomax analemba dzina lake.

Chimbale chitagulidwa, Burnett ndi anthu osunga ntchito za Lomax anayamba kumusaka munthuyo. Anamupeza ku Chicago mu 2002, ali nkhalamba ya zaka za m'ma 70, tsiku lojambulalo atatsala pang'ono kuliiwaliratu. Anamupatsa cheke cha madola 20,000 ngati gawo loyamba, n'kumukweza ndege kupita ku mwambo wa Grammy. Anamwalira chaka chotsatira, mu 2003. Zaka 43 zinadutsa pakati pa nkhwangwa ija ndi cheke chija. Anamuchedwetsa, inde, ndipo akaidi anzake amene ankavomera nyimboyo sanatchulidwe. Koma ndalama inapeza njira yobwerera chifukwa pa tepi panali dzina. Kwathu kuno nkhani ya akaidi oyimba tikuidziwanso: chimbale cha Zomba Prison Project, chimene Ian Brennan anajambula ku ndende ya Zomba mu 2013, chinapikisana nawo pa Grammy mu 2016, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo.

Ndiye ikani anthu awa pamodzi. Abale a Lerole anayimba, papepala panalembedwa dzina la wina. James Carter anayimba, dzina lake linalembedwa, ndalama inamupeza ali ndi imvi. A Kachamba tikuwadziwa bwino lero, zaka zawo, mudzi wawo, kalizidwe kawo, chifukwa wina anakhala nawo pansi n'kulemba. Nanga anyamata ena onse amene ankaliza banjo ndi zitoliro m'misika ya Lizulu, Chimbiya ndi Bembeke zaka zomwezo? Nawonso analipo, ena mwina aluso kuposa amene tikuwatchulawa. Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya nyimbo ya International Library of African Music mu 1954, anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi galimoto yodzaza makina ojambulira. Pa nyimbo zina analemba dzina la woyimba, pa zina anangolemba kuti gulu la amayi Achichewa kapena amuna Achingoni. Matepi amenewo akusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawu a agogo a winawake ali mmenemo, koma pamene dzina palibe, mdzukulu angawazindikire bwanji?

Lero tili ndi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa zaluso la 1989, ndipo lamulolo linakonzedwanso mu 2016. Ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kuzipereka kwa eni ake. Koma bungwe silingalipire munthu amene silikumudziwa. Nyimbo ya makolo yopanda mwini wodziwika, lamulo limati umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Choncho mayi amene anapeka nyimbo ya pamtondo chaka chatha chomwechi, mukaijambula n'kuiponya pa intaneti mutalemba kuti "nyimbo yachikhalidwe", mwamufufuta ndi dzanja lanu, ngakhale munachita mwachikondi.

Ndipo musaganize kuti msika wa nyimbo zoterezi unatha. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayamba m'misewu ya Lilongwe, wina pa babatoni, wina pa gitala wa zingwe zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akuzungulira Ulaya. Babatoni ameneyo ndi mdzukulu wa bokosi la tiyi lija la ku Alexandra. Opanga mafilimu ndi otsatsa malonda akusakasaka mawu otere usana ndi usiku, ndipo foni imene ili m'manja mwanuyo imajambula bwino kuposa makina onse amene Tracey ankanyamula pa galimoto.

Pempho langa kwa inu olemba anzanga ndi ili. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 chaka chimenecho, lero wadutsa 70. Anthu amenewa akutha, ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukapita kumudzi mwezi uno, khalani nawo pansi pa khonde, muwafunse kuti, "Agogo, kodi ku Joni munkavina nyimbo zanji? Mbale zija munabwera nazo zinapita kuti? Ankaliza banjo m'mudzi muno anali ndani?" Akayimba, pemphani kaye chilolezo musanajambule. Mukajambula, lembani dzina lawo lonse, mfunda wawo, mudzi, mfumu, tsiku, ndiponso amene anapeka nyimboyo kapena amene anawaphunzitsa. Mukamaitumiza pa Facebook kapena pa WhatsApp, dzinalo lipite nayo limodzi, pamwamba penipeni.

M'filimu ya Swanson mapaundi 40 aja anabwerera okha kumene anachokera chifukwa wolemba nkhani anafuna kuti zitero. Kunja kuno ndalama ya nyimbo imatsata dzina limene lili papepala, ndipo cholembera nthawi ino chili ndi ife. Tikumane sabata yamawa, ndipo amene agogo ake anasunga mbale ya galamafoni m'sutikesi, atiuze zimene zalembedwa pakati pake.